Ambulansi mu Lusaka: Mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amamveka pamisonkhano ya zaumoyo m'makomboni, pabenchi lodikirira pakiliniki, ndiponso pamaliro, anthu akayamba kunong'onezana kuti malemu akanafika msanga kuchipatala bwenzi ali moyo. Ena ndi ofuna yankho lalifupi. Ena tachedwa nawo dala, chifukwa ndi pamene mabanja amatayira nthawi, ndipo nthawiyo ndi imene imapha.

Munthu wadwala mwadzidzidzi. Ndiimbe nambala iti?

Ya ambulansi ndi 992. Ya polisi ndi 991, ya ozimitsa moto ndi 993, ndipo 999 ndi ya ngozi ya mtundu uliwonse. Ngozi ikachitika pamsewu mukhozanso kuimba 983, nambala ya RTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu. Manambala amenewa safuna talk time.

Koma musagonere nambala imodzi. Zimatheka foni kulira osayankhidwa, kapena kuuzidwa kuti ambulansi yatuluka ndi wodwala wina. Lero lomwe, aliyense ali bwinobwino, lembani papepala nambala ya kiliniki kapena chipatala chapafupi, ya neba amene ali ndi galimoto, ndi ya wa takisi amene mukudziwa kuti amadzuka usiku. Pepalalo mulimate kuseri kwa chitseko. Tikunena pepala chifukwa magetsi akazima tsiku lonse foni imathima pamodzi ndi manambala ake, ndipo nthawi zambiri amene amathamanga kukaitana thandizo ndi mwana, osati mwini foni.

Akayankha, ndinene chiyani?

Yambani ndi malo. Foni ikaduka mutanena malo, akhoza kukupezani. Ikaduka mutangofotokoza matenda okha, palibe chimene angachite.

Vuto la Lusaka ndi lakuti nyumba zambiri za ku Kanyama, Misisi, Chibolya, John Laing kapena George sizipezeka ndi nambala ya nyumba. Choncho tchulani chinthu chimene dalaivala angachione: sukulu, tchalitchi, msika, polisi post, siteshoni ya minibasi. Kunena kuti "pafupi ndi kantemba ka amai a Junior" kumathandiza okhala pamenepo okha. Tumizani munthu akaime pamsewu waukulu, usiku atenge tochi. Ngati foni yanu ili ndi WhatsApp, funsani nambala ya dalaivala mumutumizire location. Nthawi ya mvula muwauziretu njira imene yasefukira madzi.

Mukatha malo, nenani chimene chachitika, ovulala kapena odwala ndi angati, wamkulu kapena mwana, akupuma kapena ayi, akuyankhula kapena ayi, akutaya magazi kapena ayi. Ngati ndi mayi woyembekezera, nenani miyezi. Musadule foni mpaka iwo atakuuzani, ndipo mukatero musayambe kuimbira abale a ku Chipata pa foni yomweyo, chifukwa dalaivala akasochera adzaipeza ili busy.

Tsiku lililonse timaona ambulansi ikudutsa pa Great East Road ndi pa Lumumba. Nanga bwanji ife tikaitana sibwera kunyumba?

Funso ili ndilo muzu wa nkhani yonse. Ambulansi zambiri za boma zimene mumaziona sizichokera kunyumba ya munthu. Zimachokera kuchipatala china kupita kuchipatala china.

Zipatala za boma zinakonzedwa mwa masitepe. Pansi pali ma health post ndi makiliniki, monga a Kalingalinga, Mtendere, Bauleni ndi Ng'ombe. Pamwamba pake pali zipatala zisanu zimene kale zinali makiliniki chabe: Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata, Chipata wa komboni ya muno, osati wa kummawa. Zimenezi zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan kuti zizitha kuchita maopaleshoni ena, makamaka a amayi obereka, ndi kuchepetsa khamu la ku UTH (University Teaching Hospital), chipatala chachikulu cha dziko lino. Pamwamba penipeni pali UTH ndi Levy Mwanawasa, chipatala cha pa Great East Road chimene chinatsegulidwa mu 2011. Wodwala akakulira sitepe imodzi, amalemberedwa kalata ya referral n'kukwezedwa kupita sitepe yotsatira. Ntchito imeneyi ndi imene imadya tsiku lonse la ambulansi, ndipo ambiri okwera ndi amayi amene uchembere wawavuta ndi makanda obadwa masiku osakwana.

Tsono taganizani. Kalembera wa 2022 anapeza kuti distirikiti ya Lusaka yokha ili ndi anthu opitirira 2.2 miliyoni. Inu mukamaimba kuti agogo agwa kubafa, galimoto imene ikanabwera mwina ili pamzere ku UTH, nesi akudikira kuti wodwala wake alandiridwe. Akaisiya ntchitoyo n'kubwera kwa inu, mayi amene akutaya magazi ku kiliniki ina atsala pabedi. Dalaivala sanakunyozeni, galimoto ndi imodzi.

Ife tikuona kuti chosowa chachikulu si magalimoto okha. Mzinda wa msinkhu uwu ukufunika malo amodzi olandira mafoni usana ndi usiku, okhala ndi anthu ophunzira kufunsa mafunso oyenera, odziwa pamene ambulansi iliyonse ili, ndiponso okhala ndi mphamvu yotumiza imene ili pafupi ngakhale ikhale ya chipatala china. Popanda zimenezo, ambulansi ya ku Chilenje ikhoza kukhala itaima pamene munthu akufera ku Libala, chifukwa amene anayankha foni sakudziwa kuti ilipo.

Kodi paramedic ndi dalaivala wa ambulansi?

Ayi, ngakhale ambiri amathanso kuyendetsa. Paramedic ndi munthu amene anaphunzira kuthandiza wodwala asanafike kuchipatala: m'ngalande, m'galimoto yophwanyika, m'chipinda chopanda magetsi, popanda dokotala womufunsa. Amatsegula njira ya mpweya ya munthu amene wakomoka, amaletsa magazi, amamanga fupa lothyoka kuti lisang'ambe mitsempha, amaika diripi galimoto ikuyenda, amapereka okisijeni, ndipo odziwa kwambiri amawerenga makina a mtima ndi kupereka mankhwala amphamvu. Akafika kuchipatala amauza dokotala m'mawu ochepa zimene anapeza, zimene anachita ndi nthawi yake.

Maphunzirowa ali ndi masitepe. Ku South Africa, kumene ntchitoyi inakhazikika kale, pali a sitepe yoyamba, yapakati ndi yapamwamba, ndipo apamwamba amaphunzira digiri ya zaka zinayi. Kuno kwathu ntchitoyi ikungoyamba kuzika mizu. Mu ambulansi ya boma amene amaperekeza wodwala kawirikawiri ndi nesi, mzamba kapena clinical officer wochokera pamalo amene atumiza wodwalayo. Ma paramedic amapezeka kwambiri m'makampani a ambulansi zolipira ndi m'migodi ikuluikulu.

Manesi athu amagwira ntchito imeneyi ndi mtima wonse, koma ili ndi mtengo wake umene anthu sauona. Pakiliniki pamene usiku pali azamba awiri, mmodzi akakwera ambulansi, wotsalayo amatsala yekha ndi wodi yonse mpaka mnzake atabwerako. N'chifukwa chake ife timati ambulansi izikhala ndi antchito akeake. Mu 2019 msonkhano waukulu wa mayiko a m'bungwe la WHO unagwirizana kuti chithandizo chadzidzidzi, kuyambira pamalo a ngozi mpaka m'chipatala, chikhale mbali ya zaumoyo za dziko lililonse, osati chinthu cha anthu olemera okha. Zambia ndi membala wa bungweli.

M'kati mwa ambulansi muyenera kukhala chiyani?

Machira okhala ndi malamba, silinda ya okisijeni yokhala ndi mpweya, chikwama chopumitsira munthu, makina oyamwa masanzi ndi magazi kukhosi, madiripi, mabandeji, zomangira khosi ndi mafupa, choyezera BP ndi shuga, magolovesi, ndi zida zoberekera. Zapamwamba zimakhalanso ndi makina oyang'anira mtima ndi oudzutsa ndi magetsi. Land Cruiser yolembedwa mtanda wofiira koma yopanda zimenezi ndi galimoto yonyamula anthu chabe.

Tinamva kuti dera la phungu lililonse lapatsidwa ambulansi ya CDF. Zinthu zasintha?

Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo pambuyo pake zinakwerabe. Pa ndalama zimenezi panakonzedwa zogula maambulansi 156, imodzi pa dera la phungu lililonse. Magalimotowa anachedwa kufika, nkhani inavuta m'nyumba ya malamulo ndi pa wailesi. Anthu sanachedwe kukayika, poti sanaiwale za 2017 pamene magalimoto ozimitsa moto 42 anagulidwa pa madola 42 miliyoni.

Kumidzi, kumene kiliniki ili kutali ndi chipatala cha distirikiti, galimoto imodzi yatsopano ndi chinthu chachikulu, ndipo sitingachinyoze. Koma tiwerenge za muno. Pa madera 156 aja, a mumzinda wa Lusaka anali asanu ndi awiri: Lusaka Central, Kabwata, Munali, Mandevu, Matero, Kanyama ndi Chawama. Mukagawa anthu 2.2 miliyoni ndi 7, ambulansi yatsopano iliyonse ikugwera anthu opitirira 300,000. Kugawa mofanana pa dera lililonse kumakoma pandale, koma Kanyama ndi dera la kumudzi la anthu ochepa sizingafanane pa kuchuluka kwa mafoni a usiku.

Ndiye pali zimene sizioneka tsiku lopereka makiyi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kuti galimoto imodzi iziyenda maola 24 sabata yonse, pamafunika madalaivala ndi antchito azaumoyo osinthana magulu atatu kapena anayi, mafuta a mwezi ndi mwezi, matayala, sevisi, ndi wodzaza okisijeni. Chimodzi chikasowa, galimoto imakhala pamiyala kuseri kwa chipatala. Mukapita ku msonkhano wa Ward Development Committee, musafunse kuti ambulansi inabwera kodi. Funsani a khansala kuti imagona kuti, nambala yake ndi iti, mafuta ake akuchokera m'thumba liti, ndipo ikaonongeka akonza ndani.

Kodi ambulansi ndi yolipira?

Boma linachotsa malipiro m'makiliniki a kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linawachotsa pa chithandizo choyambirira m'dziko lonse. Kukutumizani kuchoka pakiliniki ya boma kupita kuchipatala chachikulu ndi mbali ya chithandizo chimenecho. Wina akakuuzani kuti mupereke ya mafuta, funsani risiti ndipo m'mawa mwake mukaonane ndi a in-charge. Osakangana wodwala ali pamachira, zimenezo muzichita atathandizidwa kale.

Ambulansi za makampani ndi za zipatala zapulaiveti ndi zolipira, ndipo mtengo wake si wamasewera. Ngati kuntchito muli pa medical scheme, funsani lero ngati ambulansi ilimo ndi nambala yoimba. Khadi ya NHIMA (inshuwalansi ya zaumoyo ya boma) ndi NRC muzisunga pamalo amodzi odziwika, koma zikasowa musachedwe n'kufunafuna m'masutikesi. Wina azibweretsa pambuyo.

Ndidikire ambulansi kapena ndingotenga takisi?

Funsani amene wayankha foni mosabisa: galimoto ilipo, ndipo ifika nthawi yanji? Ngati yankho silikumveka, nyamukani ndi chimene chilipo, kaya ndi galimoto ya neba, Yango kapena minibasi. M'makomboni mmene galimoto silowa, wilibala yokutidwa bulangeti yafikitsapo anthu ambiri pamsewu, palibe chochititsa manyazi.

Musadikire ngakhale pang'ono ngati munthu akubanika, ngati mwana akukomokakomoka kapena walephera kuyamwa, ngati mayi woyembekezera akutaya magazi, ngati wina akumva kufinya pachifuwa ndi thukuta, kapena ngati pakamwa papotoka, dzanja lafooka, mawu sakumveka. Zotsirizazi ndi zizindikiro za sitiroko. Anthu ambiri amayamba ndi mapemphero kapena kufunsa amene walodza. Pempherani muli m'galimoto. Mankhwala osungunula magazi oundana mu ubongo amagwira ntchito m'maola anayi ndi theka oyamba okha, choncho kumbukirani nthawi imene munamuona komaliza ali bwino, dokotala adzaifunsa.

Amene muyenera kusamala naye ndi wogwa kuchokera padenga, pamtengo kapena pa scaffold, ndi wogundidwa ndi galimoto amene akudandaula khosi kapena msana, kapena akuti miyendo sakuimva. Ameneyu kumupinda kuti alowe kumbuyo kwa Corolla kukhoza kumupuwalitsa moyo wonse. Ngati ambulansi siikubweradi, pezani vani kapena galimoto yotseguka kumbuyo, mumugoneke pa chitseko kapena thabwa, anthu anayi kapena asanu anyamule pamodzi, mmodzi atagwira mutu kuti usatembenuke.

Wokomoka amene akupuma mumugoneke chammbali kuti masanzi asamutsamwitse. Osamumwetsa madzi, osamuthira madzi kumaso. Wamwa poizoni kapena parafini osamusanzitsa, osamumwetsa mkaka kapena mafuta ophikira; tengani botolo la chimene wamwa mupite nalo. Wakhunyu osamuika supuni mkamwa, ingochotsani zinthu zomuvulaza pafupi, ndipo zikapitirira mphindi zisanu thamangani naye. Wopsa ndi moto kapena madzi otentha muthireni madzi ozizira mphindi 20, osati Colgate, dzira kapena dothi.

Ndapeza ngozi pamsewu. Ndikathandiza, apolisi sandigwira?

Kuthandiza wovulala si mlandu. Apolisi akhoza kufuna dzina lanu ndi kukufunsani zimene munaona, basi. Mantha amenewa, pamodzi ndi chizolowezi chatsopano choyamba kujambula vidiyo m'malo mogwira munthu, akutha anthu. Malipoti a polisi amasonyeza kuti misewu ya Zambia imapha anthu pafupifupi 2,000 chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi oyenda pansi. Amene anaona ngozi ya basi ku Chibombo mu February 2013, imene inapha anthu pafupifupi 50, amadziwa kuti oyamba kufika pangozi si madokotala. Ndi apaulendo anzawo ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa msewu.

Choyamba dzitetezeni. Imikani galimoto yanu patali, yatsani mahazadi, ikani ma triangle kapena nthambi mbali zonse ziwiri, zimitsani injini ya galimoto yangoziyo, ndipo pasapezeke wosuta fodya. Lozani munthu mmodzi ndi chala kuti, "Inu abambo a shati yoyera, imbani 991 ndi 992," chifukwa mukangokuwa kuti wina aimbe, aliyense amayesa kuti mnzake waimba. Yambani ndi amene ali chete, osati amene akukuwa kwambiri, wokuwa akupuma. Pamene magazi akutuluka, pindani chitenje kapena shati, kanikizani mwamphamvu osasiya. Nsalu ikanyowa onjezani ina pamwamba, osachotsa yoyamba. Wa njinga yamoto osamuvula helimeti pokhapokha ngati sakupuma. Wopanikizika m'galimoto osamukoka pokhapokha moto ukuyaka. Ozimitsa moto ndi amene ali ndi zida zodulira zitsulo.

Za police report: pepalalo limafunika pa mlandu ndi pa inshuwalansi, koma munthu amene akutaya magazi apite kuchipatala poyamba. Wachibale wina apite kupolisi.

Si bwino kungopita ku UTH basi?

Osati nthawi zonse. Ngati muli ku Matero nthawi imene Lumumba ndi Kafue roundabout zatsekeka, chipatala cha Matero chikhoza kuletsa magazi, kuika diripi ndi okisijeni, kenako n'kukutumizani ndi ambulansi muli okhazikika. Ma flyover a Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres anachepetsako mizere, koma m'mawa ndi madzulo mzindawu umaimabe. Mphindi 40 m'mizere ndi zambiri kwa munthu wobanika. Dziwaninso kuti UTH ya lero ndi zipatala zingapo pamalo amodzi, cha akuluakulu, cha ana, cha amayi ndi makanda, cha maso ndi cha khansa, ndiye funsani pageti m'malo mozungulira.

Tinafika poyamba, koma anatenga amene anabwera pambuyo. Si tsankho limenelo?

Ku casualty satsata kuti wafika ndani poyamba. Nesi amayeza aliyense n'kumuika m'gulu malinga ndi kuopsa kwa vuto lake, ndipo amene akhoza kufa m'mphindi zochepa amalowa patsogolo. Kufika pa ambulansi sikudumphitsa mzere pakokha. Wodwala wanu akasintha muli pamzere, monga kuyamba kubanika kapena kusiya kuyankha, bwererani kwa nesi mukanene, amuyezenso.

Mkazi wanga ali ndi pakati. Tikonzekere bwanji?

Mwachita bwino kufunsa inu abambo, chifukwa kuchedwa kwambiri kumayambira m'nyumba. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 252 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Zazikulu zimene zimawapha ndi kutaya magazi ndi kukwera kwa BP, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala ngati mayi wafika nthawi yabwino. Kutaya magazi atangobereka kukhoza kupha mayi wathanzi m'maola awiri.

Azaumoyo amanena za kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa atafika. Ambulansi imathandiza pa kwachiwiri kokha. Koyambako kuli m'manja mwanu. Gwirizanani lero kuti zikavuta mayi asadikire kuti inu mubwere kuntchito, kapena kuti apongozi avomereze. Musiyireni ndalama ya transipoti imene sigwiritsidwa ntchito ina, ngakhale ndiwo zitasowa. Chikwama chikhale chomangidwa kuyambira mwezi wachisanu ndi chiwiri, khadi ya sikelo ili pamwamba. Dziwani kiliniki imene imabereketsa usiku, poti si zonse. M'madera ambiri muli a SMAG, anthu odzipereka ophunzitsidwa za uchembere wabwino. Funsani pakiliniki kuti wa kwanu ndani.

Magazi, mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, madzi kusweka nthawi isanakwane, mwana kusiya kugunda: chilichonse mwa izi, nyamukani ngakhale pakati pa usiku. Mankhwala achikuda ofulumizitsa kubereka ayi ndithu, amang'amba chiberekero.

Nanga kolera ikabweranso?

Mliri umene unayamba mu Lusaka mu October 2023 unapha anthu opitirira 700 m'dziko muno, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka February 2024, ndipo bwalo la National Heroes linasandutsidwa chipatala monga zinachitikiranso pa mliri wa 2017 ndi 2018. Ambiri mwa omwalirawo anafera kunyumba kapena panjira, asanaikidwe diripi.

Pa kolera chithandizo chimayamba musanaimbe n'komwe. Sungunulani paketi ya ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Ngati paketi palibe, ikani timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi. Wodwala azimwa pang'onopang'ono osalekeza, ngakhale akusanza, ngakhale muli panjira. Pitani pamalo apafupi amene azaumoyo alengeza. Galimoto imene yamunyamula itsukidwe ndi klorini, ndipo onse amene amugwira asambe m'manja ndi sopo.

Munthu wagwa, sakuyankha, sakupuma. Pali chimene ndingachite?

Chilipo. Wina aimbe foni, inu mumugoneke chagada pansi polimba, ikani chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja lina pamwamba, mikono yowongoka, kanikizani kuti chifuwa chilowe masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Mukatopa sinthanani. Ubongo wopanda mpweya umayamba kufa m'mphindi zochepa, ndipo mu Lusaka mulibe ambulansi imene ingafike m'mphindi zimenezo. Kuwerenga pano sikokwanira, manja ayenera kuyeserera pa chidole. A Zambia Red Cross Society ndi a St John Zambia amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo mpingo, sukulu kapena gulu la pamsika likhoza kuwaitana.

Tionjezerepo za mbaula, poti magetsi atavuta mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, nyumba zambiri zinabwerera ku malasha. M'miyezi yozizira ya June ndi July anthu amalowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka mawindo. Mpweya wa malasha sununkha, umagonetsa n'kupha. Mukapeza a m'nyumba imodzi onse akudandaula mutu, chizungulire, kapena sakudzuka, tsegulani zitseko, atulutseni panja, apite kuchipatala onse ngakhale amene akuti ali bwino.

Ena amati madalaivala a ambulansi amaliza sayirini kuti angodutsa mizere. Ndiwapatsirenji njira?

Ambulansi yopanda munthu kumbuyo nthawi zambiri imakhala ikupita kukatenga munthu. Simungadziwe muli m'galimoto yanu, ndipo lamulo la pamsewu silikupatsani mpata woweruza. Onetsani indiketa, pitani kumanzere, imani. Ngati mukuona kuti wina akuseweretsa sayirini, lembani nambala ya galimoto mukanene ku ofesi ya zaumoyo. Ndipo inu a minibasi amene mumakakamira kumbuyo kwa ambulansi kuti mudutse nayo, ikaponda buleki mwadzidzidzi ovulala amachuluka.

Abale athu ali kumudzi. Kumeneko zimayenda bwanji?

Masitepe ndi omwewo, koma mitunda ndi ina. Chigawo cha Lusaka sichithera pa Chelstone: Chongwe, Rufunsa, Luangwa, Kafue ndi Chilanga ndi momwemo, ndipo wodwala wa ku Luangwa amayenda maola angapo kuti afike mumzinda. Kummawa, wa ku Katete amayamba ku St Francis, wa ku Chipata ku Chipata Central Hospital, ndipo amene atumizidwa ku UTH kuchokera ku Chipata ali ndi makilomita pafupifupi 570 a Great East Road, mapiri a ku Luangwa ali momwemo. Ulendo wotere ndi umene umasonyeza kufunika kwa munthu wodziwa ntchito kumbuyo kwa ambulansi, chifukwa okisijeni ndi diripi ziyenera kuwerengedwa kuti zikwane njira yonse.

Kumadera ovuta kufika kuli Zambia Flying Doctor Service, imene likulu lake lili ku Ndola ndipo yakhala ikuuluka kuyambira zaka za m'ma 1960. Ndege siitanidwa ndi banja, amaitana ndi azaumoyo. Kumidzi ina amagwiritsa ntchito njinga zokoka kabedi. Ku Serenje, kuyambira 2017, njinga zoterezi pamodzi ndi mankhwala a malungo oika kumatako, operekedwa m'mudzi momwemo mwana asananyamuke, zinachepetsa kwambiri imfa za ana odwala malungo aakulu.

Mwana wanga akufuna ntchito imeneyi. Ayambire pati?

Akhoze bwino Grade 12, makamaka Chingelezi, masamu ndi sayansi, chifukwa masukulu a zaumoyo amafuna ma credit asanu. Musanalipire kukoleji iliyonse, fufuzani ngati kosi imeneyo ndi yovomerezeka ndi Health Professions Council of Zambia, kapena ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia ngati ndi ya unesi. Kosi yosavomerezeka imapereka satifiketi yokongola, koma mwana salembedwa m'kaundula ndipo saloledwa kugwira wodwala. Akhale ndi laisensi yoyendetsa galimoto. Mumuuzenso zoona: ntchitoyi ndi ya usiku, ya kunyamula zolemera, ya kuona ana ovulala, ndipo ena amamwalira ali m'manja mwako.

Munthu akamwalira kunyumba, tiitane ambulansi?

Ngati mukukayika kuti mwina akadali moyo, chitani monga ali moyo: imbani, yambani kukanikiza chifuwa, thamangani naye. Koma ngati zaonekeratu kuti watisiya, ambulansi si ntchito yake imeneyo. Kanenani kupolisi yapafupi, akupatseni pepala limene kumotchale amafuna polandira thupi la munthu amene sanamwalirire m'chipatala, amene kuno timati BID (brought in dead, wofika atamwalira kale). Tengani NRC ya malemu ndi yanu, makadi ake a kuchipatala ndi mankhwala amene amamwa. Thupi limanyamulidwa ndi galimoto ya banja kapena ya kampani ya maliro. Ngati imfayo ndi yokayikitsa, musasunthe thupi kapena kukonza m'chipinda apolisi asanafike. Ngati malemu amatsegula m'mimba ndi kusanza nthawi ya kolera, musasambitse thupi nokha, itanani azaumoyo a pakiliniki.